Malata a nyumba yanu, mugule nokha kapena mumusiyire kontrakitala? Momwe mungachitire

Nyumba ikangofika pa lintala ambiri timayamba tapuma kaye, thumba limakhala lapepuka, koma kuno ku Mzuzu makoma sangakhale pamtunda nthawi yaitali chifukwa mvula yathu ikayamba cha mu November imatha kukoka mpaka April kapena May, ndiye kenako kumabweranso kamvula kowaza ka nthawi yozizira kaja. Apa ndi pamene kontrakitala amakufunsa kuti bwana, katundu mubweretsa nokha kapena ndikupatseni mtengo wa zonse pamodzi? Ine ndinayankha mopupuluma pomanga kanyumba kanga ku Mchengautuba, ndinangopereka ndalama osalembetsa kalikonse, ndipo malata amene anakhomedwa anali opyapyala kusiyana ndi amene tinagwirizana pakamwa. Zimandipwetekabe mpaka pano, nde ndikufuna inu muyende bwino.

Maganizo anga ndi awa: malata ndi matabwa gulani nokha, koma osapita ku hadiweya nokhanokha komanso osagula denga lisanayezedwe. Tiyeni tiyambe.

Choyamba muitane kalipentala adzayeze pa saiti, pa makoma enieniwo, osati kungowerengera pa pulani. Amisiri omanga nthawi zambiri amasuntha pang'ono apa ndi apo, khonde limakula, ndiye pulani ndi nyumba sizifanana ndendende. Akayeza akulembereni pa pepala chilichonse: malata angati komanso otalika mafiti angati, matabwa a matrasi (mafelemu onyamula denga), a mapelini (opingasa aja okhomerapo malata), a wolopuleti (ogona pamwamba pa khoma) ndi fesha bodi (thabwa la m'mphepete mwa denga), ma ridge (ovindikira pamsonga pa denga), ma valley (ngalande za pokumana mbali ziwiri za denga) ngati denga lili ndi makona, misomali ya matabwa, misomali ya malata kapena ma screw, waya womangira denga ku khoma, mankhwala a chiswe. Pepalalo alisainire, inu mulijambule pa foni.

Nanunso werengerani, sizovuta ayi. Chimene anthu ambiri sadziwa ndi choti lata silivindikira mulifupi mwake monse chifukwa limakwerana ndi linzake. La IBR, lija la mizere yamakona, likakhomedwa limavindikira mamilimita 686, lamizeremizere la kale lija la corrugated limavindikira pafupifupi 762. Ndiye tiyerekeze kuti nyumba yanu ndi yotalika mamita 12 ndipo denga ndi la mbali ziwiri, mukawonjezera kotulukira kunja masentimita 30 uku ndi uku zikhala mamita 12.6. Gawani ndi 0.686 mupeza 18 ndi kanthu, kutanthauza malata 19 mbali imodzi, 38 denga lonse, ngati lata limodzi likufika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kalipentala akalemba 50 pa denga lotere mufunseni mwaulemu kuti achimwene ena 12 wa akupita pati, mwina ali ndi yankho labwino, mwina pali khonde lomwe simunawerengere, koma funsani. Denga la makona ambiri, la hip lija aliyense akulikonda masiku ano, limadya malata ambiri chifukwa cha zodulidwa, pamenepo musakangane naye kwambiri.

Kenako pemphani makotesheni awiri kwa munthu yemweyo. Ina ya lebala yokha, ina ya lebala ndi katundu, ndipo yachiwiriyo aphwanye mzere ndi mzere, asangolemba chiwerengero chimodzi pansi basi. Mukatenga yophwanyayo yendani nayo m'mahadiweya atatu kapena anayi m'tauni ndi ku Luwinga, mufunse mitengo ya zinthu zomwezo, muwonjezerepo thiransipoti ndi ya anyamata okweza ndi kutsitsa. Apa ndi pamene mudzaone kuti waikapo zingati pamwamba. Kuikapo kangachepe sikuba, munthu akuyenda, akuimba mafoni, nthawi zina amagula motchipa chifukwa ndi kasitomala wa tsiku ndi tsiku. Koma kusiyana kukakhala kwakukulu mwadziwa chochita.

Tsopano nkhani ya geji, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene anthu timalirira. Pa malata nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti lata ndi lokhuthala. Geji 28 ndi yokhuthala kuposa 30, ndipo 32 ndi yopyapyala kwambiri, munthu akaponda pokhoma imangobonyoka. Vuto ndi loti ndi maso simungasiyanitse bwinobwino 28 ndi 30, makamaka malata apenti akakhala kale pamwamba, nde munthu wosakhulupirika amalandira ndalama ya 28 nkukagula 30, yotsalayo m'thumba. Mukamagula nokha musangomva mawu akuti 28, funsani kuti ndi mamilimita angati, ayeze inu mukuona ndi kachipangizo koyezera kukhuthala kaja ka micrometer, ndipo alembe pa lisiti geji, mamilimita, kutalika ndi mtundu wa penti. Onaninso kunsi kwa lata, opanga ena amadinda dzina lawo ndi kukhuthala kwake. Wogulitsa akamakana kuyeza tulukani, mashopu ndi ambiri.

Malata apenti gulani onse tsiku limodzi malo amodzi. Mukagula theka lero theka pakatha miyezi itatu, mtundu umatha kusiyana pang'ono ngakhale dzina la penti likhale lomwelo, ndipo dzuwa likawala aliyense wodutsa amaona. Za mitengo nazo mukudziwa mmene zimakhalira, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu za m'mahadiweya zinakwera nthawi yomweyo, chifukwa zitsulo zopangira malata zimachokera kunja. Ichi ndi chifukwa china chabwino chogulira nokha, ndalama ikapezeka mumaisandutsa katundu msanga isanasungunuke. Bola denga likhale litayezedwa kale.

Matabwa ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi chifukwa Chikangawa ili pafupi ndipo paini amapezeka m'misika ya matabwa m'tauni muno, koma samalani ndi aawisi. Thabwa longochekedwa kumene limalemera, limazizira ukaligwira, nthawi zina utomoni umachita kumata m'manja, ndipo likakhomedwa choncho limauma lili pa denga, limapindika, misomali nkuyamba kugwedera, madzi nkupeza njira. Pitani ndi kalipentala wanu asankhe yekha limodzilimodzi, aliyang'ane m'litali ngati lili lowongoka, asiye a mfundo zikuluzikulu ndi ong'aluka. Tengani tepi chifukwa thabwa lotchedwa 2 by 6 kapena 2 by 4 nthawi zambiri limakhala loperewera. Mumupatse kenakake ka tsiku limenelo, ndi ntchito imeneyo. Ubwino wake ndi woti mawa sangadzanene kuti matabwa anu ndi amene anali oipa pomwe anasankha yekha.

Katundu akafika werengani pamaso pa kalipentala ndi mlonda, lembani m'kabuku, ndipo chilichonse chotuluka chizilembedwa. Matabwa asanjikeni pamthunzi osagunda pansi, muike timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, apakidwe mankhwala a chiswe asanakwere pamwamba osati atakhomedwa kale. Malata asanyowe ali osanjikizana, madzi akalowa pakati amasiya madontho oyera ndipo ndi chiyambi cha dzimbiri chimenecho, aikeni pouma mbali imodzi itakwera pang'ono.

Tinthu ting'onoting'ono monga misomali yowonjezera kapena waya mutha kumusiyira mmisiri, mumupatse kandalama abweretse lisiti. Mukafuna kugwira chilichonse nokha ntchito imaima tsiku lonse chifukwa cha kilo imodzi ya misomali, inu muli ku ntchito foni simukuyankha.

Koma ndinene chilungamo, pali anthu amene kugula okha sikuwathandiza. Ngati muli ku Joni kapena ku Lilongwe ndipo mukumanga ku Chibavi kudzera pa WhatsApp, kapena kuntchito kwanu simungachoke, kutuma m'bale amene sadziwa geji nkoopsa kuposa kumusiyira kontrakitala wabwino. Palinso nkhani yoti mukagula nokha udindo umagawika, denga likadontha iye adzati malata anu, inu mudzati kakhomedwe kake, ndipo mukagula operewera kapena aafupi zotayika ndi zanu. Iye akagula zonse mlandu uli pa mutu umodzi. Ndiye mukasankha njira imeneyi lembani mgwirizano, ngakhale wa pamanja, wonena mtundu wa malata, geji ndi mamilimita, kukula kwa matabwa, kutalikirana kwa matrasi ndi mapelini, kuti malisiti onse ndi anu komanso zotsala zonse zikhala pa saiti. Pitani mukaone nyumba ziwiri zomwe anafolerapo, makamaka zomwe zadutsa mvula, mucheze ndi eni ake iye palibe. Malata akabwera aonedwe ndi kuyezedwa asanakwere, ngati muli kutali tumani munthu wodziwa ajambule vidiyo.

Njira iliyonse imene mwasankha, ndalama musapereke yonse kumayambiriro. Gawani, ina poyamba, ina matrasi akaima, ina malata akatha, ndipo mugwirizane kuti kagawo kena katsala mpaka mvula yamphamvu itagwa. Pamene akukhoma muzifikako ndithu. Onani kuti matrasi amangidwa ku khoma ndi waya kapena chitsulo osati kungokhazikidwa, mphepo ya mkuntho imasasula denga lonse ngati chipewa. Misomali ilowe pamsana pa mzere wa lata osati mu ngalande moyenda madzi, ndipo ikhale ndi mawasha a labala. Akadula malata asese tizitsulo tonse totsala pamwamba, timeneto tikanyowa timachita dzimbiri nkudetsa penti.

Mvula yoyamba ikagwa lowani m'nyumbamo ndi tochi siling'i isanaikidwe, muyang'ane pa ma ridge, m'ma valley ndi pozungulira misomali, paliponse ponyowa ikani chizindikiro ndi choko, mumuimbire abwere adzakonze, akamaliza ndiye mumupatse yotsala ija.