Mmene mungapewere chigumukire cha chipale chofewa pokwera mapiri

Kuno ku Lusaka timadziwa kuzizira kwa June ndi July, koma chipale chofewa sitinachipondepo. Achinyamata athu amene amapita kukaphunzira ku Switzerland, Austria kapena Canada amatengedwa ndi anzawo kukakwera mapiri m'nyengo yozizira, asanauzidwe kuti chipale chogona paphiri chimatha kugumuka n'kukwirira munthu. Malangizowa ndi a iwo, makamaka akamachoka m'njira zosamalidwa n'kulowa kumalo kopanda olondera.

Musananyamuke, werengani lipoti la tsikulo lochenjeza za zigumukire. Ku Switzerland limatulutsidwa ndi bungwe lofufuza za chipale ndi zigumukire la SLF la ku Davos, ndipo ku Canada kuli Avalanche Canada. Kuyambira mu 1993 mayiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito muyeso umodzi wa ngozi, kuchokera pa 1 kufika pa 5. Musapusitsidwe ndi nambala 3 poganiza kuti ndi yapakatikati, chifukwa pamenepo ndi pamene pamafera anthu ambiri: pa 4 ndi 5 aliyense amaopa n'kukhala m'nyumba, koma pa 3 anthu amalimba mtima n'kutuluka.

Chofunika kumvetsa ndi chakuti chipale chimagona m'magawo, lina pamwamba pa linzake, malinga ndi mmene chinagwera. Gawo lolimba likagona pa gawo lotayirira, zimakhala ngati thabwa loikidwa pa chimanga chowazidwa pasimenti. Likhoza kukhala phee kwa milungu yambiri, koma munthu akangolipondapo limatsetsereka lonse nthawi imodzi. N'chifukwa chake ngozi zambiri zimayambitsidwa ndi wokwiriridwayo kapena mnzake wa m'gulu lomwelo. Kufookako kuli pansi ndipo maso sakuona, choncho tcherani khutu. Mukamva chipale chikulira kuti "hufu" pansi pa mapazi, kapena mukaona ming'alu ikuthamanga kuchokera pamene mwaponda, bwererani. Chitaninso chimodzimodzi mukaona malo amene angogumuka kumene, kukagwa chipale chatsopano chokwana masentimita 30 m'tsiku limodzi, kapena kukayamba kutentha mwadzidzidzi. Mphepo nayo imaunjika chipale kumbali ya phiri yobisika ku mphepoyo, ndipo mulu woterowo, ngakhale umaoneka wosalala bwino, ndi umene sachedwa kusweka.

Yezani kutsetsereka kwa malo. Zigumukire zambiri zimayambira pa madigiri 30 mpaka 45, ndipo mafoni ambiri amatha kuyeza zimenezi. Yang'ananinso zimene zili pamwamba panu, pakuti malo athyathyathya a m'munsi mwa chitunda ndi kumene chipalecho chimakafikira.

Aliyense m'gulu anyamule zida zitatu: kachipangizo kotchedwa transceiver, kamene kamathandiza kupeza wokwiriridwa potumiza ndi kulandira chizindikiro cha wailesi pa 457 kHz, ndodo yotha kupindidwa yofufuzira munthu m'chipale, ndi fosholo yachitsulo. Kachipangizoko kakhale koyatsa ndiponso komangirira m'kati mwa zovala, osati m'chikwama. Ambiri mwa anthu amene afukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira amapulumuka, koma likadutsa theka la ola ambiri amakhala atafa chifukwa chosowa mpweya. Helikopita siingafike msanga choncho. Wokufukulani ndi mnzanu amene muli naye, ndipo n'kofunika kuti nonse muyeserere kufufuza ndi kukumba musanakwere.

Pamalo okayikitsa dutsani mmodzimmodzi, enawo ataima potetezeka n'kumayang'anitsitsa wodutsayo, kuti chipale chikamutenga adziwe pamene anamuonera komaliza n'kuyambira pomwepo kufufuza chotsika.