Musanalembe ndemanga pa chithunzi cha mnzanu

Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse foni yanga siipuma. Ndilo tsiku lotseka mpikisano wa zithunzi umene ife olankhula Chichewa muno mu Harare timachita pa WhatsApp. Mphoto yake ndi yochepa, kandalama kogulira data basi, koma zithunzi zimabwera kuchokera ku Mufakose, ku Dzivarasekwa, ku Highfield, ku Epworth, mpaka kwa abale athu okhala m'mafamu a ku Norton. Ine anandiika m'gulu la oweruza atatu chifukwa ndakhala ndikujambula maukwati kuyambira nthawi ija tinkapita ndi filimu m'tauni kukatsukitsa, n'kumadikira masiku kuti tione ngati nkhope ya mkwatibwi yatuluka.

Ndiyambe ndi pamene ndinalakwa ine mwini. Mnyamata wina wa ku Mbare, wa zaka ngati 17, anatumiza chithunzi cha agogo ake akusanja matimati pa msika wa Mbare Musika. Dzuwa linali kumbuyo kwa agogowo, nkhope yawo ili bii, kumwamba kuli mbee. Ndinachiyang'ana pang'ono chabe, ndili mu kombi (minibasi), n'kulemba kuti, "Chada ichi. Phunzira kaye za kuwala." Mnyamatayo sanayankhe, ndipo sanatumizenso china. Patapita miyezi ndinakumana ndi mayi ake potuluka m'tchalitchi. Anandiuza modekha kuti, "Bambo, mwana uja anadzuka 4 koloko m'mawa kuwaperekeza agogo ake kuti akawajambule. Ankafuna anthu aone manja awo." Nditafika kunyumba ndinachitsegulanso. Manjawo analipodi, zala zokhakhala zitagwira matimati awiri, kuwala kwa m'mawa kukudutsa m'mphepete mwake ngati ulusi wofiira. Zimene ndinalemba sizinali bodza, nkhope inadadi. Koma chithunzicho ndinali ndisanachione.

N'chifukwa chake aliyense amene chala chikumuyabwa kuti alembe ndimamuuza kuti ayambe wachitsegula chithunzicho chidzaze foni yonse, awerenge mpaka 30, kenako ndiye akhudze zilembo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa nthawi imeneyi dzifunseni kuti diso lanu lagwera pati poyamba, ndipo kuchoka pamenepo lapita kuti. Yenderani ngodya zonse zinayi. Ndiye funso lalikulu: munthuyu ankafuna kutionetsa chiyani? Ngati yankho simukulipeza, musaweruze. Mufunseni. "Achimwene, mumafuna tione msikawo kapena mayi ali pakatiwa?" Funso lotere limamuthandiza munthu kuposa ndime zitatu za uphungu, chifukwa kawirikawiri iye mwini amazindikira pomwepo kuti anaunjika zinthu ziwiri m'chithunzi chimodzi.

Mawu anu oyamba anene chimene mwaona, ndipo chikhale chinthu choti munthu angachiloze ndi chala. "Zabwino" si ndemanga. Timoto ndi timitima timene timatumizirana tija timasangalatsa kwa mphindi imodzi, koma wojambula sadziwa chimene wachita bwino, choncho sangachibwereze mawa. Lembani kuti, "Mwadikira mpaka mwanayo atatembenuka, n'chifukwa chake maso ake akutilankhula." Kapena, "Utsi wa chimanga chootchacho wasiyanitsa bwino wogulitsa ndi anthu akumbuyo." Apa simukumunyengerera ayi. Mukumusonyeza luso limene ali nalo kale koma mwina analichita mosadziwa.

Mukatero, sankhani chinthu chimodzi chokha choti akonze. Chimodzi. Ndikudziwa kuti maso ozolowera amaona zisanu nthawi imodzi: chapendekeka, phazi ladulidwa, kumbuyo kuli zinyalala, mtundu wawonjeza, nkhope yada. Mukazilemba zonse, munthu amangomva kuti sangathe. Funsani mumtima kuti, mwa zisanuzi, n'chiti chimene chikanakonzedwa chithunzichi chikanadzuka? Nenani chimenecho, zinazo zidikire mwezi wamawa.

Nthawi zambiri chinthu chimodzicho chimakhala kuwala, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ife a khungu lakuda timavutika napo kwambiri. Kamera ya foni imayeza kuwala kwa malo onse n'kusankha pakatikati. Ikaona kumwamba kowala kapena nsalu yoyera, imachepetsa kuwala kuti zoyerazo zisapse, ndiye nkhope zathu zimamira. Taganizirani amayi a chigwirizano atafola panja pa tchalitchi masana, mabulauzi ndi maduku oyera mbuu, dzuwa lili paliwombo. Chithunzi chimatuluka zovala zokhazokha, m'maso muli maenje akuda. Kulemba kuti "nkhope sizikuoneka" n'kumuuza munthu chimene akuchiona kale. Muuzeni chochita. Ine ndimalemba motere: "Mayi, mwawafoletsa bwino, palibe amene wabisa mnzake. Ulendo wina muwaimike pamthunzi wa khonde, nkhope ziyang'ane kumene kukuchokera kuwala. Musanajambule, gundani ndi chala pankhope ya mmodzi pafonipo, kenako kwezani pang'ono kadzuwa kamene kamatulukira pambalipo mpaka maso aoneke." Mayiyo akhoza kuyesa zimenezi Lamulungu lomwelo, ndi foni yomweyo, pakhonde lomwelo.

Uphungu wabwino umakhala ndi malo ndi nthawi. Chaka chilichonse mu Seputembala ndi Okutobala mpikisano wathu umadzaza ndi zithunzi za mitengo ya jacaranda: mumsewu wa Leopold Takawira, pa Africa Unity Square, m'misewu ya ku Avenues. Ambiri amajambula pa nthawi ya nkhomaliro chifukwa ndi pamene atuluka kuntchito, ndipo maluwawo amatuluka otuwa, osafika pa mtundu umene maso anaona. Musamuuze munthu kuti "kuwala n'koipa." Muuzeni kuti abwerere pamtengo womwewo cha m'ma 6 koloko m'mawa kapena dzuwa likupendeka cha m'ma 5 madzulo, pamene kuwala kumabwera cham'mbali, ndipo ayesenso kuloza pansi, pa maluwa ogwa m'mphepete mwa msewu, osati kumwamba kokha. Ngati mukudziwa kuti munthuyo amakwera kombi m'mamawa kupita kuntchito, mwamupatsa kale nthawi yake yojambulira. Chimodzimodzi ndi masamba ofiira a mitengo ya msasa kumapeto kwa Ogasiti: amakongola dzuwa likawawalira kuchokera kumbuyo, ndiye pamenepo kuloza kudzuwa si kulakwa.

Pali mawu amodzi amene ndinawaletsa pakati pa oweruza anzanga: "Gulani kamera yabwino." Ambiri mwa otumiza zithunzi ndi ana a sukulu, amayi ogulitsa pamsika, alonda, anyamata a maganyu. Foni imene ali nayo ndi imeneyo, mwinanso ndi yobwereka kwa mlongo wawo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndemanga yofuna ndalama kuti itsatidwe ndi chipongwe chabe. Ndipo kunena zoona, zolakwika zambiri zimene ndimaona sizichokera ku mtengo wa foni. Chithunzi chikakhala chambuu ngati chajambulidwa m'nkhungu, kawirikawiri ndi mafuta a zala pa kagalasi ka kamera. Kupukuta ndi m'mphepete mwa malaya kumathetsa. Chikakhala chogwedera, makamaka cha m'nyumba magetsi atazima, ndi chifukwa choti mumdima foni imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo, ndiye dzanja likangosuntha pang'ono zonse zimapakika. Mankhwala ake n'kutsamira khoma, kukanikiza zigongono m'nthiti, kapena kusanjika foni pampando. Chikakhala cha timadonthomadontho, mufunseni ngati anakoka zoom ndi zala ziwiri. Pa mafoni ambiri zoom yotere imangodula chithunzi n'kuchitambasula. Mapazi ndiwo zoom yaulere: asendere pafupi.

Koma musanadzudzule kuti chithunzi sichikuthwa, kumbukirani kuti WhatsApp ndi Facebook zimafinya zithunzi kuti zisadye data yambiri, ndipo chikadutsa m'manja mwa anthu atatu chimafika chitatopa. Ndinatsala pang'ono kumuchotsera malikisi mtsikana wina pa vuto limene silinali lake. Tsopano ndimayamba ndapempha kuti anditumizire ngati document, ndione chenicheni.

Za kakonzedwe ka zinthu m'chithunzi sindichulutsapo. Madzi a ku Lake Chivero sakwera phiri, choncho akapendekeka muuzeni munthu ayatse timizere ta grid m'kamera yake, awongolerepo. Mtengo wa magetsi ukamera pamutu pa mkwati, sitepe imodzi kumanzere imauchotsa. Lamulo lija loti chinthu chachikulu chisakhale pakati koma chapambali, pamene timizere timakumana, ndi lothandiza kwa oyamba, koma musalisandutse ndodo yokwapulira aliyense. Miyala yosanjikizana ya ku Epworth ikaikidwa pakatikati penipeni imaoneka yolemera, yokhazikika, ndipo mwina n'zimene wojambula ankafuna. Mitundu yowonjeza nayo, udzu wobiriwira ngati penti ndi khungu lofiira ngati njerwa, ingofunsani kuti, "Tingaone nawo chisanakonzedwe?" Nthawi zambiri choyambacho chimaposa, ndipo munthu amadzionera yekha.

Zina sizinenedwa pagulu. Wina akatumiza chithunzi cha mwana wa eni ake wosavala, cha wodwala ali pabedi, kapena cha anamfedwa akulira pamaliro, mulembereni kumbali, mumufunse ngati eni ake anavomera. Musamuyalutse pamaso pa anthu 200. Gule Wamkulu ndiye amafuna kusamala koposa. Kuno anzathu a Chishona amati zvigure, ndipo ena amangomuona ngati zoseketsa kapena zoopsa, pamene kwa makolo athu amene anabwera nazo kuchokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu ndi mwambo wolemera, umene ngakhale UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inauzindikira mu 2005. Chithunzi cha gule ali pabwalo, akuluakulu atalola, tingakambirane za fumbi ndi kuwala mmene tingafunire. Koma chojambulidwa mobisa, kumalo kumene kamera siyenera kufika, ndimapempha mwini wake kumbali kuti achichotse, ngakhale chikongole bwanji. Ndipo mwana akatumiza chithunzi chojambulidwa pafupi ndi State House kapena malo a asilikali, musayambe ndi za kuwala. Muimbireni foni mumuuze kuti kumeneko n'koletsedwa kujambula.

Kalankhulidwe nako kali ndi malo ake. M'mpikisano mwathu muli agogo amene anagulidwira foni ndi adzukulu awo, muli ndi ana obadwira konkuno amene Chichewa chawo n'chosakaniza ndi Chishona. Wamkulu ndimamulembera monga ndingamulankhulire nditakhala naye pamkeka: "Agogo, nkhuku zanuzi mwazigwira pa nthawi yake. Mukadzawerama pang'ono kuti foni ifanane ndi msinkhu wawo, tidzaziona m'maso." Wamng'ono sindimupeputsa, ndiponso sindikonza Chichewa chake, wabwera ndi chithunzi, osati mayeso a chilankhulo. Lankhulani za chithunzi, osati za munthu. "Phazi ladulidwa" ndi "ndiwe wosasamala" ndi mawu awiri otalikirana kwambiri. Komanso ulemu usakwirire mfundo. Ndaonapo ndemanga zodzaza ndi "mwina", "kapena", "pepani", mpaka munthu kumaliza kuwerenga osadziwa choti akonze. Nenani poyera, mwaulemu, kamodzi.

Kwa inu amene mwapatsidwa udindo woweruza, malikisi ndi ndemanga musaziphatikize. Ife timagwirizana mwezi usanayambe kuti tikuyang'ana zitatu: ngati chithunzi chikugwirizana ndi mutu wa mweziwo, kuwala, ndi kakonzedwe. Aliyense amapereka malikisi payekha osaona a mnzake, ndipo ndemanga timazitulutsa mavoti atatsekedwa, chifukwa woweruza akangoyamikira chithunzi chimodzi msanga, gulu lonse limakhamukira komweko. Chithunzi cha mwana wa mlongo wanga chikalowa, ine ndimakhala pambali, anzanga awiri aweruze. Ndipo amene wathera pansi penipeni ndi amene ndimamulembera ndemanga yayitali kuposa onse. Wopambana ali nayo kale mphoto yake.

Mnyamata wa ku Mbare uja ndinapempha nambala yake kwa mayi ake, n'kumulembera kumbali. Ndinapepesa kaye, kenako ndinati: "Manja a agogo ako wawagwira bwino kwambiri, kuwala kwa m'mphepete mwa zala kuja si aliyense angakuone. Ukadzapitanso, sendera pafupi kuti manja ndi matimati zidzaze chithunzi chonse, kumwamba kusalowemo. Ukafuna nkhope yawo, zungulira uime mbali imene kuli dzuwa, iwo ayang'ane kwa iwe." Anakhala masabata awiri osayankha. Kenako m'mawa wina kunalowa chithunzi, chopanda mawu alionse: manja omwe aja, tsopano akuwerenga ndalama zachitsulo pa thumba la saka, mzere uliwonse wa pakhungu ukuoneka. Mumpikisano sanabwererebe mpaka lero. Amanditumizira ine ndekha, kamodzi kapena kawiri pamwezi, ndipo chilichonse ndimachitsegula nditakhala pansi, osati mu kombi.