Momwe mungawerengere funso la Compton, X-ray ikagunda electron

Ophunzira physics pa Chanco funsoli salithawa, koma ambiri amangoliopa chabe. Limafuna kuti mupeze wavelength yatsopano ya X-ray ikagunda electron, energy yomwe yataya, ndi ngodya yomwe electron yathawira. Linachokera kwa Arthur Compton, yemwe mu 1923 anaonetsa kuti ma X-ray a molybdenum, a wavelength 0.0709 nm (nanometer), akaomba graphite n'kukhotera chammbali, wavelength yawo imatalika. Analandira nazo Nobel mu 1927.

Yambani ndi kujambula. Photon, kachidutswa ka X-ray, ikuchokera kumanzere, electron ili phee. Zikagundana photon ikhotera m'mwamba pa ngodya θ, electron n'kuthawira m'munsi pa ngodya φ, monga ichitira mipira ya pulu pa Chinamwali. Photon ilibe mass koma momentum ili nayo, h/λ, pomwe h ndi constant ya Planck, λ ndi wavelength isanagunde, ndipo λ′ ndi wavelength itagunda.

Momentum ili ndi kolowera, choncho igaweni pawiri. Ya electron tiitche P. Chakutsogolo: h/λ = (h/λ′)cos θ + P cos φ. Chammbali poyamba kunalibe kanthu, ndiye (h/λ′)sin θ = P sin φ. Chotsani φ pogwiritsa ntchito cos²φ + sin²φ = 1. Lowetsani energy ya relativity, osati ½mv², ndipo mupeza λ′ − λ = (h/mc)(1 − cos θ), pomwe m ndi mass ya electron, c ndi liwiro la kuwala. Sungani pamtima kuti h/mc ndi 0.00243 nm, musamavutike kuiwerenga pa mayeso.

Tsono apa dekhani. Musanadine cos, yang'anani kachilembo kali pamwamba pa sikirini ya calculator: D (ma degree, omwe tikufuna apa) kapena R (ma radian). Yanga ndinagula motchipa kwa venda wina mumsika wa Zomba, ndipo batire ikangogwedezeka inkasintha mode yokha. Inandipatsa cos 90 = −0.448 m'malo mwa 0, λ′ n'kutuluka 0.0744 nm. Choopsa n'chakuti nambala imeneyi imaoneka yabwinobwino, palibe chokukayikitsa. Dinani cos 90 kaye. Ikapanda kubwera 0, sinthani mode. Ndipo pogula calculator iyeseni pomwepo wogulitsayo akuona, chifukwa zachinyengo zachuluka, bola kuwonjezera ndalama pang'ono n'kugula yeniyeni.

Pa 90° yankho lolondola ndi λ′ = 0.0733 nm. Energy ya photon mu keV (kiloelectronvolt) ndi 1.24 kugawa ndi λ ya mu nm: photon yabwera ndi 17.5, yachoka ndi 16.9, pafupifupi 0.6 keV yapita kwa electron. Pa ngodya yomweyi tan φ = λ/λ′, ndiye φ ili cha pa 44°. Akakufunsani za 180°, kutalikako n'kowirikiza kawiri, 0.00486 nm.