Mmene Mungalondolere Chiyambi cha Mawu Akuti Spiral m'Zinenero Zosiyanasiyana

Makolo amene tikulera ana muno mu Johannesburg timagwira njakata mwana akabwera kusukulu ndi mawu a Chingerezi n'kufunsa kuti kwathu amati chiyani. Mawu akuti spiral ndi amodzi mwa oterowo, ndipo ambiri timangoyankha kuti m'Chichewa mulibe. Yankho limeneli ndi lothamangira, ndipo njira yopezera labwino ili m'manja mwa aliyense amene ali ndi foni, pepala komanso anansi olankhula zinenero zina, omwe mumzinda uno sasowa.

Musanatsegule buku lililonse, yambani mwaona chinthu chenichenicho. Ikani patebulo koyilo yothamangitsira udzudzu pamodzi ndi sipuling'i ya m'cholembera. Koyilo imayambira pakati n'kumazungulira ikufutukukira kunja pamalo afulati, pamene sipuling'i imazungulira ikukwera m'mwamba popanda kukula. Akatswiri a masamu amatchula choyambacho kuti spiral, chachiwiricho helix, ngakhale kuti polankhula wamba anthu amaziphatikiza. Kusiyana kumeneku mukusunge, chifukwa mudzakufuna mukamafunsa anthu ena.

Kenako pezani mtanthauziramawu amene amafotokoza kumene mawu anachokera, monga Oxford English Dictionary kapena Online Etymology Dictionary ya pa intaneti, ndipo muyende chobwerera m'mbuyo, mukulemba chinenero chilichonse pamzere wakewake. Mupeza kuti mawuwa analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500, ndipo kumbuyo kwake kuli spiralis wa Chilatini cha m'nthawi zapakati. Ameneyu anachokera ku spira, chinthu chokulungidwa mozungulira, ndipo Aroma nawonso anabwereka kwa Agiriki, amene ankati speira ponena za chingwe chopindidwa kapena njoka yodzikulunga. Chodabwitsa n'chakuti Archimedes, katswiri wa masamu wa Chigiriki amene analemba buku lonse lokhudza mzere wa spiral cha m'ma 225 Yesu asanabadwe, anagwiritsa ntchito mawu akuti helix. Choncho mawu amene lero amaimira sipuling'i ndiwo anali dzina la mzere wofanana ndi koyilo ija, zomwe zikutiphunzitsa kuti tanthauzo la lero tisamalikakamize pa mawu akale.

Apa m'pamene ambiri amaterereka, chifukwa mawu ofanana zilembo amaoneka ngati apachibale. Spirit, kutanthauza mzimu, amachokera ku spirare, kupuma mpweya m'Chilatini, ndipo spire, nsonga ya nsanja ya tchalitchi, ndi mawu a Chingerezi chakale onena za mphukira yosongoka. Onse awiriwa alibe ubale ndi speira. Musalumikize mawu awiri pokhapokha mtanthauziramawu ataonetsa njira imene anadutsa.

Mukamaliza zimenezi, gawani pepala lanu pawiri. Mbali imodzi lembani zinenero zimene zinangobwereka mawu a Chilatini aja: Chiafrikaans chimati spiraal, Chijeremani Spirale, Chipwitikizi ndi Chisipanishi espiral. Chilembo cha e chimene chili kutsogoloko chinabwera chifukwa zinenero ziwirizi siziyamba mawu ndi s wotsatizana ndi konsonanti ina, monganso ife tinalowetsa mavawelo mu sukulu, sitolo ndi sipuni kuti zikhale bwino pakamwa pathu.

Mbali inayo ndiyo yokoma, ndipo imafuna miyendo koposa mabuku. Pitani kwa anzanu, koma musawafunse kuti spiral amati chiyani kwawo, chifukwa akupatsani mawu obwereka omwe aja. Afunseni dzina la makwerero ozungulira okwera m'nyumba yosanja. Mnzanu wa ku Mozambique wokhala ku Rosettenville akuuzani kuti escada em caracol, ndipo caracol ndi nkhono. Wa ku Congo amene mumagula naye chinangwa ku Yeoville anena m'Chifalansa kuti escalier en colimaçon, nkhono yomweyo. Ataliyana amati scala a chiocciola, Aarabu ali ndi halazuni kuchokera ku halazun, dzina la nkhono, ndipo Chitchaina chimene mumamva ku Cyrildene chimati luoxuan, mawu ophatikiza nkhono ndi kuzungulira. Ngakhale kachiwalo kozungulira ka m'kati mwa khutu, kamene madokotala amati cochlea, kali ndi dzina la nkhono m'Chilatini. Ena anayang'ana zina: Ajapani amati uzumaki, kuchokera ku madzi ozungulira, pamene Amaori a ku New Zealand ali ndi koru, mphukira ya chomera imene imatuluka itadzipinda. Mukaika zonsezi pamodzi muona kuti mitundu ya anthu inatchula maonekedwewa potengera chinthu chimene inkachiona tsiku ndi tsiku, ndipo Agiriki ndi chingwe chawo chija anachita zomwezo.

Tsopano bwererani kwathu ndi funso lomwelo: ndi zinthu ziti zimene zili ndi maonekedwe amenewa, ndipo ndi aneni ati amene timafotokozera kapangidwe kake? Tili ndi chigoba cha nkhono, kamvulumvulu wa m'chilimwe, bongololo amene amadzipinda akakhudzidwa, ndiponso nkhata imene amayi amakulunga ndi nsalu kapena udzu posenza mtsuko. Tili ndi kupota, kukulunga, kupiringiza ndi kuzungulira. Pa nkhata paja ndimakonda kuimapo, chifukwa tanthauzo lake likuyandikana kwambiri ndi la speira, ndipo Azulu ali ndi mawu omwewo, inkatha. Kwa iwo inkatha inalinso udzu wopota umene mfumu inkasunga ngati chizindikiro cha umodzi wa mtundu, ndipo ndiko kunachokera dzina la gulu la Inkatha limene mtsogoleri wandale wa Chizulu Mangosuthu Buthelezi anakhazikitsa mu 1975. Bongololo nayenso ali ndi mnzake kuno, shongololo, dzina limene Chingerezi cha ku South Africa chinatenga ku Chizulu ndi Chixhosa, kuchokera ku ukusonga, kukulunga. Mawu athuwa muwatsimikize mu Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ndipo ngati mungapeze buku la David Clement Scott la Chimang'anja la mu 1892, muonenso mmene ankamvekera kale.

Chotsala n'kusankha, ndipo apa ndikulangizani kuti musafunefune liwu limodzi lokwanira paliponse, kapena kuthamangira kulemba kuti sipayiro, mawu amene agogo kumudzi sangawamve. Yang'anani chiganizo chimene mwanayo wabweretsa. Ngati ndi cha masamu, nenani kuti mzere wozungulira mofutukuka ngati chigoba cha nkhono. Ngati chikunena za makwerero, ndi makwerero okwera mozungulira. Ngati chikunena za mitengo ya zinthu kapena ngongole, Mngerezi akungofanizira, ndipo ife timati zinthu zikunka zikwererakwerera kapena zikuipiraipira, kubwereza kwa mneni kukugwira ntchito imene kuzungulira kunagwira m'Chingerezi. Pansi pa yankholo, muuzeni mwanayo alembenso dzina la munthu kapena buku limene linamupatsa liwu lililonse, kuti mphunzitsi akafunsa adzathe kuonetsa kumene analitenga.