Musanafinye konekita pa waya wa faiba

Amisiri ambiri amene lero akulowetsa faiba, waya wa galasi wonyamula intaneti kudzera m'kuwala, m'maofesi ndi m'nyumba anayambira pa waya wa kopa, uja wa timawaya 8 wolowa mu RJ45, kapulagi ka waya wa netiweki ya makompyuta. Kumeneko mumasenda, kulowetsa, kufinya ndi pulayala, ntchito yatha. Dzanja lozolowera chonchili ndi limene likutithera makonekita a faiba. Pa kopa, kufinya ndiko kumalumikiza magetsi. Pa faiba, mphete imene mumafinyayo imangogwira ulusi wachikasu uja wa Kevlar pamodzi ndi khungu la waya, kuti wina akakoka waya mphamvu isafike pa galasi. Zoti kuwala kudutsa bwino kapena ayi zimakhala zitadziwika kale musanagwire n'komwe chofinyira.

Taganizani kuchepa kwa chinthu chimene mukugwira. Galasi lake ndi mamaikironi 125 m'mimba mwake (mamaikironi 1,000 ndiwo milimita imodzi), kungoposa pang'ono tsitsi la munthu. Njira ya kuwala pakati pa galasilo, pa faiba ya single-mode imene makampani a intaneti amakokera kwa makasitomala, ndi mamaikironi 9 okha. Kafumbi koti maso sangakaone kangathe kutseka njirayo.

Makonekita ofinya alipo amitundu iwiri. Ena mumalowetsa galasi mpaka litulukire kunsonga, mufinye, mudule, kenaka mupale nsongayo pa mapepala opalira. Enawo, amene afala kwambiri, amabwera ndi kachidutswa ka galasi kopalidwa kale kufakitale ndi timafuta tothandiza kuwala kuwoloka. Inu mumangogundanitsa galasi lanu ndi lawolo mkati. Ndikamba za achiwiriwa.

Choyamba, lowetsani buti (kachikuto kophimba kumbuyo kwa konekita) ndi mphete pa waya musanasende chilichonse. Musaseke. Ine ndinamaliza konekita yokongola mu ofesi ina ku Limbe, kuyeza bwinobwino, n'kupeza kabuti kali phee pa tebulo. Panalibe kuchitira mwina koma kudula n'kuyambiranso, konekita imodzi yapita.

Chosendera cha faiba chimakhala ndi mabowo atatu: lalikulu la khungu lakunja la mamilimita 2 kapena 3, lapakati la chikuto cha mamaikironi 900, laling'ono la utoto wa mamaikironi 250 umene umamatirira pa galasi. Sendani pang'onopang'ono, sentimita imodzi panthawi. Mukafuna kuvula chikuto chachitali kamodzin'kamodzi, galasi limalandira kachilonda kosaoneka, n'kudzathyokera mkati mwa konekita patapita masabata, inu mutalandira kale ndalama. Ambiri amaiwalanso utoto wa 250 uja chifukwa nthawi zina umaoneka ngati galasi. Galasi likakana kulowa mu konekita, musalikakamize. Yang'anani ngati utotowo wachoka.

Pukutani galasi ndi isopropyl (sipiriti yotsukira) ya 99 peresenti pa kapepala kosasiya ubweya, mpaka limveke kulira kuti tswii. Sipiriti yapepo ija ya m'golosale ili ndi utoto ndipo imasiya zotsalira; thonje ndi tishu zimasiya ubweya. Kupukutaku kuchitike musanadule. Mukadula, nsongayo isakhudzenso chala, nsalu kapena tebulo.

Pa kudula m'pamene pagona nkhani yonse. Cleaver, chida chodulira galasi la faiba, sidula ngati lumo. Imalemba kamzere pa galasi n'kulithyola kuti nsonga ikhale yosalala, yosapendekeka kupitirira digiri imodzi. Ikapendekeka, magalasi awiri aja amagundana mbali imodzi, mbali inayo pali mpata, kuwala n'kumatayikira pomwepo. Utali wodula tsatirani umene walembedwa pa pepala la konekitayo. Makonekita ambiri a mtundu wa SC amafuna mamilimita 10, koma si onse, ndiye musadalire zimene munaloweza pa mtundu wina. Mpeni wa cleaver ndi wozungulira ndipo uli ndi manambala m'mphepete. Mukaona kuti galasi layamba kuthyoka mokhadzuka, sunthirani mpeniwo pa nambala yotsatira. Ndipo ngati ndalama ndi zochepa, kunena zoona, bola mugule makonekita apakatikati koma cleaver yabwino. Ndaona anthu akutukwana makonekita bokosi lonse pamene wolakwa ndi mpeni wobuntha.

Lowetsani galasi mwaulemu mpaka mumve kuti lagunda, ndipo kumbuyo lipindike pang'ono ngati uta. Kupindikako ndi chizindikiro choti likukankhana ndi linzake mkati. Apa lumikizani VFL, katochi kolowetsa kuwala kofiira mu faiba, kunsonga ya konekita. Magalasi asanagundane bwino, pakati pa konekita pamawala kwambiri. Akagundana, kufiirako kumazilala. Kukazilala, tsekani loko wa konekita wogwira galasilo. Kukakana, tulutsani, sendaninso, dulaninso. Ino ndiyo nthawi yomaliza yokonza cholakwika, chifukwa mphete yofinyidwa sibwerera.

Tsopano yalani Kevlar mozungulira thako la konekita, osati mulu wonse mbali imodzi, kokerani mphete pamwamba pake, ndipo finyani ndi chofinyira chake pa bowo la saizi yake. Chofinyiracho chili ndi mano amene salola kuti chitseguke chisanafike pamapeto. Chisiyeni chimalize chokha. Pulayala wamba imaphwanya mphete mbali ziwiri zokha, ndipo waya amasololoka tsiku limene woyeretsa mu ofesi adzaukole ndi tsache. Dulani Kevlar wotsala, kwezani buti, vekani kachipewa kunsonga.

Samalani mitundu. Konekita yobiriwira ndi APC, nsonga yake inapalidwa mopendekeka madigiri 8. Yabuluu ndi UPC. Mukazilumikiza ziwirizi zimalowana ndithu, koma kuwala kumatayika kwambiri ndipo nsonga zonse ziwiri zingathe kukandika.

Kuwala kofiira kutulukira mbali inayo sikutanthauza kuti ntchito ili bwino. Kumangosonyeza kuti galasi silinaduke. Yezani ndi power meter, chida choyezera mphamvu ya kuwala. Muyezo wa TIA-568, wotsogolera kayalidwe ka mawaya a netiweki, umalola kutaya kuwala mpaka 0.75 dB (dB ndi muyezo wa kuwala kotayika) pa malo amodzi olumikizira, koma mmisiri wosamala amapeza zochepera pamenepo. Pa GPON, netiweki ya faiba yofikitsa intaneti kwa makasitomala, yezani pa 1490 nm (mtundu wa kuwala kopita kwa kasitomala), ndipo mukaona mphamvu ya kuwala yatsika mpaka kuyandikira -27 dBm pa mitayo dziwani kuti kasitomala ayamba kukuimbirani usiku.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi limakhala paliponse. Gwirirani ntchitoyi m'chipinda, fani itazimitsidwa, kapena m'galimoto mawindo atatsekedwa. Tizidutswa ta galasi titoleni ndi tepi n'kutiponya m'kabotolo kotseka, chifukwa kakalowa m'chala simukaona, mumangomva kuwawa. Musadyere pamalopo. Musasuzumirenso mu faiba kuti muone ngati ikuyaka: kuwala kwa 1310, 1490 ndi 1550 nm sikuoneka, koma kungathe kuvulaza diso.

Konekita yofinya malo ake ndi m'nyumba, pa khoma, pa kabokosi ka kasitomala, kapena pokonza mwachangu waya woduka. Pa mzere waukulu, kapena m'bokosi la pa pholo limene limapsa ndi dzuwa la Okutobala, pemphani makina owotcherera magalasi mulumikize pigtail, kachidutswa ka faiba kobwera ndi konekita yake kuchokera kufakitale. Pamenepo mumataya 0.1 dB kapena kucheperapo. Ndipo popita ku ntchito ya makonekita anayi, nyamulani asanu ndi limodzi.