Tsamba lotsegulira intaneti: momwe mungapezere labwino osagwa m'manja mwa akuba

Sabata yatha anandipeza mayi ena a kwathu ku Mangochi, amasoka zovala ku Fordsburg, laputopu ili m'manja, akuti achimwene tandithandizeni, ndikangotsegula Chrome pakumabwera tsamba lachilendo lodzaza ma advert a juga, ndikasaka chinthu likumanditengera kwina. Kuwafunsa kuti zinayamba bwanji, akuti ankafuna tsamba limodzi loti mmawa azionerapo zonse, nkhani za kumudzi, reti ya randi ndi kwacha, nyengo ya Joni kuno, nde anadawuniloda kapulogalamu kaulere komwe kanawalonjeza zimenezo.

Zomwe amafunazo ndi zabwinobwino. Amene munayamba kale intaneti mukukumbuka iGoogle, inayamba 2005, munthu umadzisanjira wekha timabokosi ta nkhani, Gmail, kalendala, mpaka Google anaitseka pa 1 November 2013. Chitsekereni anthu akhala akusakasaka cholowa mmalo, ndipo akuba amatchera msampha wao pomwepo.

Choyamba sesani kaye mnyumba. Pamwamba polemba adiresi tayipani chrome://extensions, pa Firefox ndi about:addons, pabwera mndandanda wa ma extension, timapulogalamu tomwe timaphatikizidwa mu Chrome kapena Firefox, kenako chilichonse chomwe simukuchidziwa kapena simukumbuka kuti munachiika liti dinani Remove, musachimvere chisoni. Ngati tsamba lachilendolo likubwerabe pitani Settings, Reset settings, mubwezeretse zonse mmene zinalili poyamba. Ma bookmark, kutanthauza ma adiresi a masamba omwe munasunga, ndi mapasiwedi osungidwa sachoka, musaope.

Chachiwiri, ndipo ine njira iyi ndimaikonda kuposa zonse, gwiritsani ntchito browser yomwe muli nayo kale. Mu Chrome pitani Settings, On startup, sankhani Open a specific page or set of pages, muike masamba anu, kaya Zodiak, kaya Nyasa Times, kaya tsamba la City Power loonera za magetsi. Koma awiri kapena atatu basi, chifukwa onsewo amatseguka nthawi imodzi ndipo bandulo imatha ngati madzi a mndowa yobooka. Ena otsalawo aikeni pa tab yatsopano, pali Add shortcut, timabatani take timangokhala phee osadya data mpaka mutadina. Pafoni ya Android nkosavuta, tsegulani tsambalo, dinani timadontho titatu tija, Add to Home screen, latheka. Apa simunalembetse kwa munthu aliyense, simunapereke imelo, palibe wakunja yemwe walowa.

Koma ndikudziwa ena mumafuna timabokosi tija ndithu. Alipo masamba odziwika monga start.me, Symbaloo ndi Protopage, ndipo amagwira ngati webusaiti wamba, mutha kuwagwiritsa ntchito osaika kalikonse mu kompyuta. Adiresi yake tayipani nokha, osadina zija zimabwera pamwamba zolembedwa Sponsored, nthawi zina akuba amagula malo amenewo ndi dzina lofananako. Ndiye musanalembetse liyeseni kaye tsambalo. Kodi likunena poyera kampani yake ndi komwe ili? Mwachitsanzo start.me ndi ya ku Netherlands, amanena okha. Kodi likupempha pasiwedi ya Gmail kapena Facebook yanu mkabokosi kake? Likatero thawani, musachedwe. Likakukakamizani kuika extension werengani zomwe ikupempha, mukaona mawu oti Read and change all your data on all websites dziwani kuti mukuipatsa mphamvu yoona chilichonse mukulemba, ndi za kubanki zomwe. Kaloko kaja ka https komwe ma browser ena amaonetsa pambali pa adiresi kasakupusitseni, kamangotanthauza kuti njira yake ndi yotsekedwa, sikanena kuti mwini tsambayo ndi wachilungamo.

Apa pokha ndikupemphani abale anga, mundimvetse. Masamba amenewa amakhala ndi kabokosi kolembamo manotsi, ndipo ndaonapo anthu atalembamo nambala ya pasipoti, nambala ya pemiti, PIN ya khadi, ngakhale pasiwedi yotumizira ndalama kumudzi. Ayi ndithu, zimenezo musaikemo. Ife okhala mdziko la eni pepala likangolowa mmanja olakwika vuto lake limakhala lalikulu kuposa la mzika, ndipo ndalama zomwe mwavutikira mwezi wonse zitha kupita mphindi zochepa. Onetsetsaninso kuti tsamba lanu lili pa private osati public, pasiwedi yake ikhale yakeyake, isafanane ndi ya imelo. Za banki ndi zotumiza ndalama chitirani mu app yake pafoni.

Amene mumapita ku intaneti kafe za ku Hillbrow kapena kufupi ndi Park Station, tsegulani Incognito, windo ya Chrome yomwe sisunga mbiri ya masamba omwe mwatsegula, ndi Ctrl+Shift+N, mukamaliza Log out kenako mutseke windo yonse musanadzuke pampando.

Chomaliza sungani kope, poti tsamba lililonse laulere litha kutsekedwa ngati iGoogle. Masamba anuwo asungeni ngati ma bookmark, kenako mu Chrome dinani Ctrl+Shift+O, timadontho titatu, Export bookmarks, kafayilo kotulukako kaikeni pa fulashi kapena mudzitumizire pa imelo. Mayi aja tinawachotsera ma extension anayi, tinasintha pasiwedi ya imelo, tinawaikira Zodiak ndi tsamba la nyengo potsegulira, reti amaonera mu app pafoni, ndipo fulashi yao ili mkabati ya ulusi.