Musanaike Linux, funsani kaye kuti D ali pati

Chithereni chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 October 2025, anthu ambiri a makompyuta akale akusamukira ku Linux. Ine sindikuwaletsa. Malaputopu a kaunjika amene ambirife tili nawo amakanidwa ndi Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale, pomwe mitundu ya Linux monga Linux Mint ndi Ubuntu imayenda bwinobwino pa makina omwewo, laisensi osalipira. Chomwe chandilembetsa ndi malaputopu amene akhala akundipeza miyezi ino, eni ake atagwira njakata. Linux yalowa bwino, koma mafayilo onse mbee.

Vutoli limachitikira pa tsamba limodzi lokha. Poika Ubuntu pamafika pamene pulogalamu imafunsa chochita ndi disiki, ndipo chimodzi mwa zosankha chalembedwa kuti Erase disk and install Ubuntu. Mint nayo ili ndi mawu ngati omwewo. Ife tidazolowera kudina Next, Next osawerenga, ngati mmene timachitira poika timapulogalamu ting'onoting'ono. Chizolowezi chimenechi chimanditopetsa. Makina amachenjezanso kachiwiri asanayambe kufufuta, koma munthu amangodina ali pa foni.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti ambiri mwa anthuwa amaganiza kuti adasamala. Mukawafunsa amati, "Zonse ndidasamutsira pa D." Pa malaputopu ambiri C ndi D si madisiki awiri ayi. Ndi disiki imodzi yogawidwa pawiri, ngati zipinda ziwiri za nyumba imodzi. Erase disk sisesa chipinda, imagwetsa nyumba yonse n'kuyamba maziko atsopano, chifukwa Windows imasanja zinthu mwa NTFS pomwe Linux kawirikawiri imasanja mwa ext4. Kusamutsa chimanga kuchoka kuchipinda kupita pabalaza sikuthandiza ngati denga likuyaka.

Sabata zapitazi adabwera bambo wina, msungichuma wa kalabu ya alimi a soya, laputopu ataikulunga m'chitenje cha akazi awo, ataimanga pakaliyala ya njinga. Mphwawo wochokera ku koleji ndiye adawaikira Ubuntu, ndipo adaiika mwaluso ndithu, ngakhale WiFi imagwira. Koma munali fayilo ya Excel ya nyengo zitatu: maina a mamembala, matumba amene aliyense adapereka, ndi ngongole za feteleza. "Alangizi, ine ndidamuuza mwanayo kuti za kalabu zili pa D, iye adati D sitiikhudza," adatero bambowo akupukuta thukuta. Kope la pamanja adasiya kulembamo chaka chomwe adagula laputopuyo. Pano mamembala awiri akuti ngongole yawo adamaliza kubweza, ndipo palibe pepala lowatsutsa. Bambowo ndi munthu wokhulupirika, koma kumudzi ayamba kale kumuyang'ana ndi diso lina.

Tidayesa PhotoRec, pulogalamu yaulere yofukula mafayilo ofufutidwa. Idatulutsa mafayilo masauzande opanda maina awo enieni, opanda mafoda, kungokhala chilembo f ndi manambala. Zithunzi zina za chinkhoswe zidabwerera, fayilo ya kalabu ayi. Ubuntu ikamalowa imalemba magigabayiti angapo pamwamba pa zakale, ndipo bambowo adagwiritsanso makinawo masiku khumi asanabwere. Pa SSD, mtundu watsopano wa disiki, ndiye zimavutiratu, chifukwa disiki yotere imayeretsa yokha malo amene auzidwa kuti ndi opanda ntchito. Zikakuchitikirani, zimitsani makinawo pompo, musatsitse kanthu, musasunge kanthu.

Pali msampha wina wa mtundu womwewo. Wina amakoperadi mafayilo ake pa fulashi, kenako fulashi yomweyo n'kuilowetsa mu Rufus kapena balenaEtcher kuti alembepo ISO, fayilo yoikira Linux. Mapulogalamu amenewa amafufuta zonse za pa fulashiyo. Ndiye wataya bandulo kutsitsa Ubuntu 24.04, yomwe ndi pafupifupi 6 GB, n'kutayanso zomwe amafuna kupulumutsa. Mafulashi akhale awiri, ina ya mafayilo, ina ya Linux. Mint ndi yopepukirapo, ili cha m'ma 3 GB, ngati bandulo ikuvuta.

Za kupanga fulashi ndi kulowa mu boot menu, posankhira kuti makina ayambire pa fulashi, sindinena, zimenezo mukuzidziwa. Chofunika ndi ichi: koperani mafayilo pa chinthu chimene mungachizule n'kuchiika m'thumba, mukawatsekule pa kompyuta ina muone ngati akutsekukadi, ndipo chinthucho chisakhale cholumikizidwa poika Linux. Ngati Windows yanu ili ndi BitLocker, loko yotsekera disiki, lembani papepala kiyi yake ya manambala 48. Yambani ndi Try Ubuntu, yomwe imayendera pa fulashi osakhudza disiki, muyese WiFi, mawu, pulinta, ndi kutsekula mafayilo anu a Excel mu LibreOffice, pulogalamu yaulere yogwira ntchito ngati Microsoft Office. Ngati mukufunabe Windows, sankhani Install alongside, yomwe imaika Linux pambali pa Windows. Batire likhale lodzaza, magetsi angazime muli pakati. Ndipo asungichuma a makalabu, kope la pamanja lija libwerere m'chikwama.